Mipopi ya Kuseri kwa Nsanja

Pamalo pamene pali nsanja lero panali mjigo. Ndikuyambira pamenepo chifukwa ana a masiku ano akamadutsa pansi pa nyumba yaitaliyo amayesa inangomera yokha. Panali bwalo la mchenga, mitengo ya nimu, ndi mjigo wokalamba umene unkalira ukamapopedwa mpaka kumveka kumsika wa nsomba. Tsidya la msewu kuli kamzikiti ka anthu a mumsika, kamene mpaka lero kalibe madzi akeake. Choncho azana yoitanira anthu kumapemphero ikamveka masana, matelala, ogulitsa usipa, akabaza ndi a m'magolosale ankayamba adzera pamjigo kupanga wudhu. Wina ankapopa, mnzake akusamba m'manja, kuchukucha m'kamwa, kutsuka kumaso, mikono ndi mapazi, kenako n'kusinthana. Akatha ankawoloka msewu kupita kukaswali, masilipasi onyowa akutola fumbi.

Bambo anga anali mmodzi wa anthu amenewo kuyambira ine ndisanabadwe. Anali telala pakhonde la sitolo ina ya nsalu, munthu wosalankhulalankhula, singano pakamwa nthawi zambiri. Sanali shehe, sanali m'komiti iliyonse, koma nkhani ikavuta mumsika anthu ankatembenukira kwa iwo kuti aone ngati agwedeza mutu. Ine ndinatengera mayi anga: mtima wapachala ndi pakamwa posabisa Chichewa. Ndinali ndi kashopu ka fotokope ndi kutayipa, ndipo makasitomala ena ankandithawa chifukwa ndinkawauza poyera zimene alakwitsa. Bambo ankaseka khalidwe limenelo, koma ndikudziwa kuti ankalinyadira. Ankauza anzawo kuti mwana wawo akhoza kukupsetsa mtima koma sangakunamize. Galimoto ndinalibe, nyumba inali yalendi, koma mbiri imeneyo pamaso pa bambo anga ndinali nayo.

Titamva kuti bwalo lija lagulidwa ndi kampani ina ya ku Lilongwe kuti amangepo maofesi osanjikizana, mumsika munabuka phokoso. Za mchenga ndi mitengo palibe ankadandaula, nkhani inali madzi. Ena ankati tikakhale pamjigopo mpaka adzatinyamule. Ndiye amene kampani inatumiza kuti ayang'anire ntchitoyo anali mlamu wanga, mwamuna wa mlongo wanga wamng'ono.

Mlamu wangayo sanali mlendo. Kwawo n'kwa Mponda, tinaphunzira madrasa amodzi, sukulu ya chipembedzo ya kumzikiti, ndipo tinakwapulidwapo ndi ndodo imodzi chifukwa chothawira kumtsinje. Iye mutu unkagwira, anapita ku Blantyre kukaphunzira zomangamanga, n'kubwerako ndi chisoti choyera cha mainjiniya ndi Chingerezi cha m'mphuno. Ndinkamukonda, ndisaname. Anandipeza kushopu tsiku lina dzuwa likuswa mtengo, n'kuyala mapepala aakulu a pulani pamwamba pa makina anga.

"Alamu, taonani apa," anatero. "Nyumba iyi si ngati zinazi ayi. Njerwa zake ndi za simenti, zosawotcha, ndiye palibe mtengo udulidwe kuphiri chifukwa cha ife. Padenga pakhala sola. Pakati apa tasiya mpata kuchokera pansi mpaka kumwamba, kuti mpweya wotentha uzitulukira kudenga, mphepo ya kunyanja izilowa m'munsi. Ndipo mvula yogwa padengali sititaya ndi dontho lomwe, yonse izitsikira muthanki yaikulu pansi pa nyumba."

"Nanga mjigo?"

"Mjigo uchoka, pamenepo padutsa maziko. Koma kuseri uku timanga mipopi ya wudhu, mzere wathunthu, mipando yake, mthunzi wake. Madzi a mvula, alamu, ochokera kumwamba. Alipo madzi oyera kuposa amenewo? Akatha, tizitsegula a m'tauni."

Ndinaloza thanki ina imene inajambulidwa pambali. "Iyi ndi ya chiyani?"

"Iyo ndi ya madzi ogwiritsidwa kale ntchito, a m'masinki ndi m'mabafa. Tiziwasefa n'kumathirira maluwa ndi kugejemulira zimbudzi. Paipi yake ndi ina, utoto wake ndi wina. Sizikumana, wallahi."

Kenako anandipempha chimene anabwerera. Anati anthu akamuona ndi chisoticho amangoti ndi wa kampani, koma ine adzandimvera, ndipo koposa onse Ababa adzandimvera. Ndinamva kukoma, osabisa. Ndani safuna kuuzidwa kuti mawu ake amalemera?

Lachisanu titatuluka mu Ijuma, anthu anakhala pansi pa mitengo ya nimu ija ndipo ine ndinaimirira. Ndinafotokoza za sola, za mphepo, za njerwa, koma anthu ankangoyasamula. Nditafika pa madzi ndi pamene anatchera khutu. Ndinanena za mathanki awiri aja osabisa kalikonse. Anayamba kung'ung'udza, wina wogulitsa utaka n'kufuula kuti nyumba imene imasunga madzi ake a m'bafa si yoikhulupirira. Kenako, monga mwa nthawi zonse, maso onse anapita kwa bambo anga.

"Mwanangu," anatero, "madzi awiriwo mwaona ndi maso anu kuti sakumana?"

"Ndaona papulani, Ababa. Ndipo alamu alumbira."

"Alamu anu alankhula zawo. Ine ndikufunsa inu."

"Mawu amenewa ndikuwaimira ine. Madzi a wudhu akhala a mvula."

Anandiyang'ana kanthawi, n'kutembenukira kwa anzawo. "Chambone, chabwino. Ngati wanena ndi uyu, ine ndatseka pakamwa."

Nkhani inathera pomwepo. Palibe anakhala pamjigo, palibe anaponya mwala. Tsiku limene ankazula mjigowo, bambo anaimitsa makina awo osokera n'kupita kukaonerera, manja kumbuyo, mpaka dzenje litatsekedwa ndi konkire. Pa nthawi yonse yomanga anthu ankatunga m'zigubu ku mpopi wa kumsika n'kumapirira, chifukwa ankadikira zimene ndinawalonjeza.

Nyumbayo itatha, ngakhale amene ankainyoza anakweza maso. Ku Mangochi kuno tinazolowera nyumba zogwada, ndiye iyi anthu anangoitcha nsanja, dzina lake lenileni lolembedwa pakhomo palibe amalitchula. Mazenera ake anawatchinga ndi matabwa opingasa kuti dzuwa lisamalowe koma kuwala kuzilowa. M'mwezi wa Okutobala, pamene phula limafewa mumsewu, mkati mwake munkadutsa kamphepo kosachokera ku fani iliyonse, moti akabaza ankanamizira kufunsa ofesi ya inshulansi kuti angoimako pang'ono. Magetsi a m'tauni akazima, mwa ife munkawalabe. Mababu a m'makonde ankayaka okha munthu akamayenda n'kuzima akaima, ndipo mlonda wina wachikulire anatenga sabata yathunthu akuwawerengera maduwa, mapemphero odzitetezera, asanavomere kuti si majini. Padenga anadzalapo mandimu ndi maluwa. Ine anandipatsa kachipinda pansi penipeni, ndinasamutsirako makina anga, ndipo ndinkayenda ngati nyumbayo ndamanga ndine.

Koma chimene chinandinyaditsa kwambiri chinali kuseri. Mipopi inalipodi, mzere wathunthu, uliwonse ndi kampando kake ka simenti, pamwamba denga la mthunzi, pansi ngalande yoti mapazi asaponde matope. Bambo, amene mawondo anali atayamba kale kuwavuta, sanafunikirenso kuwerama pamjigo kapena kudikira wowapopera. Ankakhala pampando wa kumapeto, kupinda manja a malaya mosafulumira, n'kutsegula madzi pang'ono kwambiri, chifukwa kwa iwo kuwononga madzi a wudhu kunali kupanda ulemu. Tsiku loyamba atamaliza anandiitana pakhomo la shopu n'kungoti, "Mwachita bwino." Kwa munthu ngati iwo, amenewo anali mawu ambiri. Anayamba kuitana anzawo a kutali ndi msika kuti adzaone. Ndinawamva akuuza mkulu wina wochokera ku Nkhudzi kuti awa ndi madzi a mvula, wanena ndi mwana wanga.

Mvula inatha, mwera unawomba n'kupita, chilimwe chinafika pachimake, koma mipopi ija sinaume. Ine m'malo modabwa ndinkachemerera kukula kwa thanki. Masana ena bambo anaima pakhomo langa akupukuta ndevu.

"Mwanangu, madziwa ali ndi kafungo."

"Kafungo kotani, Ababa?"

"Ngati ka mankhwala. Ngati kasopo, kaya."

Ndinakwera kukafunsa mlamu wanga. Anaseka n'kunena kuti ndi mankhwala amene amathira muthanki ya mvula kuti musamere ndere. Ndinatsika n'kukawauza bambo chimodzimodzi, ndi nkhope yanga yomweyi, ndipo iwo anati, "Elo, ngati ndi choncho palibe kanthu." Anapitiriza kukhala pampando wawo wa kumapeto chaka chimenecho ndi chotsatira.

Kenako kunabwera alendo. Mlamu wanga anandiuza kuti akubwera anthu odzayendera nyumba, kuti ikawasangalatsa ipatsidwe satifiketi ya nyumba yosamala chilengedwe, ndipo eni ake ankaifuna satifiketiyo ndi mtima wonse chifukwa mabungwe akuluakulu amakonda kuchita lendi m'nyumba zotero. Anandipempha kuti ndivale mkanjo wabwino ndi mzuli, ndiziyenda nawo monga woimira anthu a m'dera. Ndinasita mkanjo wa pa chikondwerero cha Idi. Alendowo anali azungu awiri ofiira ndi kutentha, ndi mayi wina wa ku Lilongwe wovala magalasi, amene ankafunsa mafunso ambiri kuposa anzakewo.

Tinayambira padenga, kuona sola ndi mandimu, n'kumatsika. Mlamu wanga ankalankhula Chingerezi chake chija, manja akuuluka, ine ndikugwedeza mutu pambuyo. Pomaliza tinalowa m'chipinda cha pansi pa nyumba, mmene ine ndinali ndisanalowemo, modzaza mapaipi ndi phokoso la mapampu. Mlamu wanga anatunga madzi m'tambula n'kuikweza kuti aone kuyera kwake. Anafotokoza kuti awa ndi madzi ochokera m'masinki, m'makhitchini ndi m'mabafa a nyumba yonse, asefedwa, athiridwa mankhwala, ndipo akubwerera kukagwira ntchito. Anayamba kuloza mapaipi. Iyi ikupita kuzimbudzi. Iyi ikupita kumaluwa a padenga. Ndipo iyi, anatero akuisisita ngati mbuzi yake yonenepa, ikupita kumipopi ya anthu opemphera kuseri, ndipo apa ndi pamene tapulumutsa madzi ochuluka chitsegulireni nyumbayi, chifukwa anthu amenewa amasamba kasanu patsiku, ndipo madzi awo omwewo amabwerera muno n'kuzunguliranso.

Anati anthu amenewa. Munthu amene tinkakhala naye pamkeka umodzi ku madrasa.

Ankadziwa bwino lomwe kuti Chingerezi ndimamva, ndimatayipa tsiku ndi tsiku. Sanaiwale kuti ndili pomwepo. Anangowerengera kuti pamaso pa alendo, nditavala mkanjo wa pa Idi, komanso pokhala mlamu wake, ndimeza. Azungu aja anagwedeza mitu mosangalala. Mayi wa magalasi anatembenukira kwa ine n'kundifunsa m'Chichewa.

"Bambo, anthu anazilandira bwanji zimenezi? Madera ena zimavuta."

"Mayi, anthu sakudziwa," ndinayankha. "Inenso ndamvera pompano."

Mlamu wanga anaseka kuseka kopanda mano, n'kuuza azunguwo kuti pali kusamvana pang'ono pa kamasuliridwe. Mayi uja sanaseke. Ine ndinatuluka n'kukwera masitepe mpaka ku ofesi yake pamwamba, osadikira chikepe, ndipo ndinakhala pamenepo mpaka anabwera.

"Alamu, mwandivula pagulu," anayamba iye, akutseka chitseko.

"Ine ndakuvulani? Inu mwawachukuchitsa chiyani Ababa m'kamwa?"

"Tamverani kaye. Mvula ya kuno mukuidziwa. Thanki ija imauma chilimwe chisanafike pakati. Tikanatsegula madzi a m'tauni, mita ikanathamanga, ndipo satifiketi tikanaiiwala. Mabwana anati pezani njira. Ndikanatani ine? Komanso madzi aja amayezedwa, alamu. Ndi oyera kuposa a mu Shire amene tinkamwa tili ana. A m'zimbudzi salowamo."

"Munalumbira kuti sizikumana."

"Nthawi imeneyo zinali zoona."

"Nanga za kafungo zija? Ndere?"

Ndinayang'ana m'ofesimo, mazenera aakulu, mtsinje ukuoneka patali, ndipo pakona panali chitseko cha kabafa kakekake. Pamenepo ndi pamene ndinakumbukira kuti chitsegulireni nyumbayo sindinamuonepo atakhala pa mipando ya kuseri. Ankatsika nthawi ya swala atamaliza kale, manja a malaya atabwezeretsa, n'kutidutsa akupereka salamu.

"Inuyo wudhu mumapangira kuti?" ndinafunsa.

"Alamu, musatero."

"Mpopi wa m'kabafa ako ukuchokera kuti?"

"Wa m'tauni," anatero motsitsa mawu.

Ndikanakhala munthu womenya, tsiku limenelo ndikanagona kupolisi. Ndinangomufunsa funso limodzi lotsala, lakuti anasintha liti mapaipiwo. Anati chilimwe choyamba, mwina chapakati, sakukumbuka bwino. Ndinamuuza kuti pansi paja ndamumva akuuza alendo kuti zakhala choncho chitsegulireni nyumba. Anati zimenezo ananena kuti ziwakomere alendowo. Ndiye ndinatsala ndi mayankho awiri ochokera pakamwa pamodzi, osadziwa kuti bodza ndi liti.

Ndikutsika masitepe foni inalira. Anali mlongo wanga, mwamuna wake atamuimbira kale.

"Achimwene, chonde, musawauze Ababa. Muwapha. Bambo a kunyumba akuti akonza mawa lomwe, palibe adziwe."

"Chemwali, azana ya masana yatsala pang'ono. Ukufuna ndiime pakhomo ndiziwaonerera akuthira madzi amenewo m'kamwa?"

"Ndi banja langa mukuliphwasula."

Ndinadula foni. Mpaka lero iye amati ndinasankha mipopi m'malo mwa mlongo wanga, ndipo ndasiya kumutsutsa.

Nditafika kuseri azana inali itayamba. Mipando inali yodzaza, ena ataima pambuyo kudikira. Bambo anali pamalo pawo, manja a malaya atapinda, dzanja lili pampopi. Ndinafika n'kugwira dzanja lawolo. Chibadwire ndinali ndisanawagwirepo motero.

"Ababa, musatsegule."

"Kwagwanji?"

Ndinanena mokweza kuti onse amve, chifukwa ndinalonjezanso mokweza. Ndinati madzi awa si a mvula. Ndi a m'masinki ndi m'mabafa a nyumba ino, osefedwa, ndipo akhala choncho nthawi yaitali, sindikudziwa kuyambira liti. Mipopi inayamba kutsekedwa umodziumodzi. Wina analavula. Wina anati astaghfirullah kangapo konse, kupempha Mulungu chikhululuko. Wogulitsa utaka uja, amene anafuula tsiku la msonkhano, anangondiyang'ana n'kupukusa mutu, ndipo zinandipweteka kuposa akanandituka. Bambo anabweza manja a malaya pang'onopang'ono, kumanga mabatani, n'kuimirira atagwira khoma.

"Kafungo kaja," anatero.

"Eya, Ababa."

"Ndinakufunsanitu."

"Munandifunsa."

Bambo anatuma munthu kukagula madzi a m'chigubu kumsika, ndipo tsiku limenelo swala inachedwa.

Madzulo ake akuluakulu anakhala pansi ndi shehe wa kamzikiti kaja, munthu wachinyamata koma wofatsa, amene anaphunzira kunja. Iye anayesetsa kuziziritsa mitima. Anati munthu amene sanadziwe alibe tchimo, ndipo Allah sasenzetsa munthu katundu woposa mphamvu zake. Anati ophunzira amasiyana maganizo pa madzi osefedwa, ndipo ambiri amati ngati mtundu, kakomedwe ndi fungo la uve zachokeratu, madziwo abwerera kukhala oyera. Ambiri mitima inakhala pansi atamva zimenezo. Wanganso unakhala pansi. Koma bambo anakweza dzanja.

"A Shehe, fungo linalipo. Ndinalimva ndi mphuno yangayi."

"Mwina linali la mankhwala osefera, Ababa, osati la uve."

"Mwina. Inu mukudziwa?"

"Sindikudziwa."

"Nanenso sindikudziwa. Amene akudziwa sanena zoona."

Bambo anathokoza shehe mwaulemu wonse, ndipo sanakakamize aliyense kuchita monga iwo. Koma kuyambira tsiku lotsatira anayamba kubweza swala zawo. Akamaliza swala ya nthawi yake, ankaimiriranso n'kuswali ina yolipira ya masiku aja. Popeza panalibe wowauza tsiku limene mapaipi anasinthidwa, anayambira pa tsiku limene mipopi inatsegulidwa. Shehe anawachonderera kuti sikofunika. Ine ndinawachonderera, mayi anawachonderera mpaka kulira. Ankangoti, "Ngwamba, zisiyeni, ndi za ine ndi Mwini wanga." Ndinkawaona mumzikiti anthu onse atatuluka, nkhalamba yokhayokha pamkeka, ikugwada ndi mawondo otupa, kudzuka mogwira chipilala, kugwadanso. Nthawi iliyonse mawondo aja akalira, mtima wanga unkatukwana mlamu wanga, m'nyumba ya Mulungu momwemo.

Chimene chimandiwawa n'chakuti mlamu wangayo akanatha kungonena. Akanabwera chilimwe choyamba chija n'kuti thanki yauma, tichite bwanji, anthu akanakangana, shehe akanafotokoza zomwe anafotokozazi, ena akanavomera, ena akanabweretsa zigubu zawo, aliyense akudziwa chimene akuthira kumaso kwake. Nzeru yosataya madzi si yoipa, ndipo kuno kumene chilimwe chimatiwotcha chonchi ndani angaikane? Bambo anga ankasamala madzi iye asanaphunzire kulemba dzina lake. Koma mlamuyo anaona kuti kutifunsa n'kutaya nthawi. Anafuna pakamwa panga pamene pankamuthandiza, ndipo atapagwiritsa ntchito sanaone chifukwa chondiuza kuti zasintha. Anandidyera masuku pamutu ine ndikumwetulira, nditavala mzuli.

Satifiketi inabwerabe. Anaipachika pakhomo lalikulu m'felemu ya galasi, ndipo kunali nyimbo ndi zakumwa. Kuseri anabwera anthu ndi zitsulo, anagogoda masiku angapo, n'kukhoma chikwangwani chonena kuti madzi a mipopi iyi tsopano ndi a m'tauni. Mwina ndi zoona. Anthu ambiri anabwerera, chifukwa akapita kuti, mjigo uli pansi pa konkire. Ena asanatsegule ankasuzumira m'shopu mwanga n'kufunsa moseka, "Bwanji achimwene, lero ndi a mvula kapena a m'bafa?" Ndinkaseka nawo, koma mkati mukuyaka. Mlamu wanga anakwezedwa pantchito, anapita ku Lilongwe kukamanga nsanja ina yaitali kuposa iyi, ndipo mlongo wanga anapita naye. Pa Idi timapatsana moni pafoni, mawu ochepa, ngati anthu okumana m'basi. Ine shopu sindinasamutse, ana ayenera kudya, ndipo kamphepo kaja kamadutsabe bwinobwino.

Bambo sanakhalenso pa mipando ija. Ankabwera ndi kachigubu kawo kuchokera kunyumba, atamangirira pakabaza, n'kumapangira wudhu pambali pa ngalande ya msewu, moyang'anizana ndi mzere wa mipopi. Sanandidzudzule ngakhale tsiku limodzi. Ndinkalakalaka akanandikalipira, akananditchula wabodza pamaso pa anthu, kuti ndipeze poyankhira kuti nanenso ndinanamizidwa. Nditayesa kuiyamba nkhaniyo ankati, "Ndikudziwa, mwanangu, si inu," n'kubwerera ku nsalu yawo. Koma nkhani za mumsika anasiya kundifunsa. Ndikawauza kuti mtengo wa ulusi wakwera, kapena kuti maliro a uje aikidwa mawa, ankavomera bwinobwino, kenako ndinkamva akufunsanso munthu wina.

Maso atayamba kuchita mdima anasiya kusoka, ndipo mayi atamwalira ndinawatenga kuti tizikhala limodzi. Swala zobweza zija anali asanamalize, ngakhale tsopano ankaswali atakhala pampando. Kuyenda kunali kogwira khoma. Loweruka lina masana ndinali pakhomo, ndipo nditaona kuti nthawi yayandikira ndinatenga ketulo yawo ya pulasitiki, kuitsuka, n'kuidzaza pampopi wa panja pa nyumba yanga. Ndinawapititsira pakhonde pamene anakhala, pamodzi ndi beseni.

"Ababa, madzi awa."

Anapapasa mpaka anagwira chogwirira cha ketulo.

"Mwatunga kuti?"

"Pampopi wathu womwewu, panjapa."

"Sikomo, mwanangu. Allah akudalitseni."

Ndinalowa m'nyumba kukasintha malaya. Ndili kuchipinda ndinamva madzi akukhuthuka, ochuluka kuposa mmene iwo amathirira. Ndinasuzumira pazenera. Anali ataimirira, ketulo ili chozondoka m'manja, madzi onse ali mumchenga. Kenako anayamba ulendo, dzanja limodzi pakhoma, lina litanyamula ketulo, phazi ndi phazi, kuzungulira ngodya ya nyumba mpaka pampopi womwe uja. Anaupapasa, anautsegula okha, n'kudikira ketulo idzaze.

Ndinafuna kuthamanga kukawagwira mkono, chifukwa pamenepo pali mwala umene unawagwetsapo kale. Koma ndikanatuluka akanadziwa kuti ndaona, ndipo akanachita manyazi chifukwa cha ine. Ndinaima kuseri kwa katani, malaya ali m'manja, mpaka anabwerera pampando wawo.